Ufa wa Miyala

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anamanga nyumba ya ngodya zinayi, koma zaka zanga za nthawi imeneyo musandifunse, kalelo palibe ankawerenga. Ndingoti mano anga akutsogolo anali atangomera kumene, akuluakulu ngati makasu, ndipo za nkhondo ya Ajeremani tinali tisanamve. Tinkakhala cha ku Limbuli, kufupi ndi mtsinje wa Muloza. Dzina langa ndine Ndaziona, ndipo pamudzi ponse ndinkadziwika ndi mafunso. Bwanji nkhuku ilibe mano? Mitambo ikagona paphiri imafunda chiyani? Akuluakulu akandiona ndikubwera ankayamba kutanganidwa dala.

Kwathu tinalipo ana asanu, amayi ali ndi pakati pa wachisanu ndi chimodzi. Nyumba yathu yakale inali yozungulira, yopanda chipinda. Moto momwemo, mitsuko momwemo, nkhuku yofungatira momwemo. Ukati utambasule mwendo unkaponda mnzako pakamwa. Tinali titapanikizana zedi, ndipo aliyense ankaona kuti wakhandayo alibe pomugoneka.

Bambo anali Mlomwe, anachokera kutsidya kwa Apwitikizi nadzakwatira kwathu. Anali mkamwini, ndiye kuti mudzi unali wa amayi ndi abale awo, ife ana tinali m'manja mwa amalume, bambo n'kukhala mlendo wa ana asanu. Amalumewo sankawafuna. Ankati munda wa mlongo wawo ukumera thengo chifukwa mwamuna wake amangokhalira ku thangata, kulimira mzungu wa tiyi, ngati kuti bambo ankapitako mwa kufuna kwawo. Bambo akaweruka ankangotenga chikwanje n'kupita kukadula nsungwi.

Ine nyumba yatsopanoyo inandidya mutu. Sindinkachoka pamenepo. Ndinaona bambo akugawa m'kati ndi mpanda wa bango, kuno kwa ana, uko kwa makolo. Ndinaona akulowetsa timitengo ta mphanda m'khoma dothi lisanaume, kuti tidzapachikepo malichero ndi zipande. Analuka kathandala ka nsungwi koikapo mbale kuti agalu asamanyambite, ndipo chakum'mawa anasiya kabowo m'khoma.

"Ababa, mwaiwala kumata apa," ndinatero.

"Sindinaiwale. Ndi khomo la dzuwa limenelo."

Ndinakhala tsiku lonse ndikudikira kuti ndione mmene dzuwa lingakwanire pakabowo kotero.

Mwana anabadwa nandolo atayamba kukhwima, nyengo ya chiperoni, kamvula kaja kongowaza kosalola chinthu kuuma. Amayi analowa m'chikuta m'nyumba yakale, osatuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa, ife ana tikugona kwa amayi aakulu, a Nankhoma. Nyumba yatsopano inali itafoleredwa, makoma atamatidwa, koma inali isanaziridwe. Kuzira ndi ntchito ya akazi, mwamuna sagwira mtsiro. Amayi anali m'chikuta, ndipo abale awo, amene akanayenera kuzira m'malo mwawo, anangopinda manja.

Tsiku lina ndikupeta madeya kuseri kwa nkhokwe ndinamva a Nankhoma akuuza mnzawo pamtondo.

"Achimwene anena kale. Mwana akatuluka m'chikuta nyumba isanathe, Mlomweyo amumangira mkeka wake awoloke Muloza. Ana ndi athu, sapita nawo."

Lichero linandigwa m'manja. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinkadziwa kuti zimenezi zimachitika, pakuti mnzanga wina bambo ake anawaperekeza chomwecho, ndipo sanawaonenso. Sindinauze munthu aliyense. Ndinangoti mumtima, ngati vuto ndi kuzira, kodi ine si mkazi?

Koma kuzira wamba sindinakufune ayi. Ndinkafuna chinthu choti amalume akachiona atsegule pakamwa n'kuiwala kutseka. Ndipo chinthucho ndinali nditachiona kale. Masiku angapo m'mbuyomo ndinakaperekera bambo mbatata ku munda wa tiyi, ndipo ndinaona nyumba ya mzunguyo. Mayo ine! Makoma oyera mbee, mpaka maso kuwawa. Ndinazemba n'kukagusa ndi chala, chala n'kutuluka choyera. Ndisanachinunkhize n'komwe, kapitawo anandikalipira, ine liwiro. Pobwerera ndinawafunsa bambo kuti khoma limayera bwanji chotero.

"Amapaka njereza," anatero.

"Njereza n'chiyani?"

Bambo anali atatopa, ndipo Chinyanja chawo chinali chopotoka, mawu ena ankachita kuwasaka. Anaganiza pang'ono, kenako anati, "Ndi ufa. Ufa wa miyala."

Basi, ine ndinamva. Ufa ulipo wa mitundu iwiri, wina wa mumtondo, wina wa pamwala, uja timapera pamphero. Ndiye kuti chinsinsi chonse cha azungu n'chakuti ufa wopaka khoma sasinja, amapera! Ndinadziona wanzeru kuposa mudzi wonse. Ine amene ndinkafunsa ngakhale za mano a nkhuku, apa pokha sindinafunse kachiwiri. Paja amati safunsa anadya phula.

Kwa a Nankhoma kunali dengu la makaka, chinangwa chouma chimene bambo anayanika okha kuti amayi azimwera phala ali m'chikuta. Ndinasankhamo oyera okhaokha, akuda ndikubweza. Anthu akapita kukathyola nandolo, ine ndinkagwada pamphero. Ndinapera masiku awiri, manja mpaka matuza, dengu n'kufika pakati.

Poyamba ndinasungunula ufawo m'madzi ozizira n'kupaka ndi katsache ka udzu. Unangoyenderera pansi. Ndinadabwa, koma sindinagwe mphwayi. Ndinautereka pamoto pang'ono, ukhale ngati phala. Uwu unamata bwino, koma utayamba kuuma unasanduka wotuwa ngati mamina. Ndinakhala pansi ndikuliyang'ana khomalo, ndikudzifunsa kuti azungu amatani. Kenako nzeru inabwera. Ndinapakanso phala lija, lisanaume ndikuwaza ufa wouma pamwamba ndi dzanja. Eee! Khoma linayera. Ndinavina ndekha pakhonde, ufa uli m'tsitsi, m'mphuno, paliponse. Dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditamaliza khoma lonse lakumaso, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja langa linkafika nditanyang'ama. Ndinatsikira kumtsinje kukasamba, ndikuyimba, ndikuganiza mmene amalume adzagwirire pakamwa.

Ndikubwerera ndinamva phokoso. Mbuzi! Khola lonse la amalume linali pakhonde pathu, zina zitaimirira ndi miyendo iwiri, zikunyambita khoma ngati zalipidwa. Nkhuku nazo zili jomphe jomphe m'munsi. Chifukwa cha chiperoni dothi linali lisanaume m'kati, ndipo phala langa linalifewetsanso. Tonde wamkulu ankachita kukumba ndi nyanga. Zibuma zinali zitagwa, nsungwi za m'kati zikuonekera, ndipo pafupi ndi khomo panali bowo loti galu n'kulowa osawerama. Ndinazithamangitsa ndikulira, koma ndikathamangitsa ziwiri, zitatu zabwerera.

Anthu anandipeza ndili chomwecho pochokera ku nandolo, koma palibe anandilabadira, ankayesa ndikungoingitsa mbuzi. A Nankhoma anatola chibuma, nachinunkhiza, nachilawa ndi nsonga ya lilime.

"Makaka awa!" anakuwa. Anathamangira kunyumba kwawo n'kubwera ndi dengu lija. "Phala la mchembere! Taonani, anthuni!"

Amalume anafika, bambo nawo anatulukira kuchokera ku thangata, khasu lili paphewa. Ine ndinabisala kuseri kwa nsanamira.

"Kodi kwanu kutsidyako chakudya mumamatira nyumba?" anafunsa amalume. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. "Mlongo wanga ali m'chikuta, inu mukutenga phala lake kudyetsa khoma kuti mufanane ndi mzungu wanu? Nyumba yake ndi imeneyi, ya mabowoyi?"

Bambo anaika khasu pansi. Analiyang'ana khomalo nthawi yaitali, kuchokera pansi mpaka pamene kuyera kunalekezera, cha pachifuwa pawo. Sanatembenukire kumene ndinali. Ananjuta, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ndalakwa ndine," anatero. "Palibenso wina."

"Mwanena nokha," anatero amalume. "Mawa kukacha..."

Sindikudziwa mmene ndinachokera kuseri kwa nsanamira. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo ndikukuwa, mamina ali chuchuchu.

"Akunama! Ndine! Ndapera ndine, onani manja angawa! A Nankhoma anati nyumba ikapanda kutha muwamangira mkeka ababa awoloke Muloza, ndiye palibe amene amazira, ndiye ine ndimafuna iyere ngati ya mzungu kuti musawathamangitse!"

Mawu a pamtondo sanenedwa pabwalo, ndipo ine ndinali nditawakhuthula onse, dzina la mwini wake lomwe. A Nankhoma anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera m'nyumba yakale, kudutsa khoma. Anali amayi. Munthu wa m'chikuta sayankhula ndi amuna, koma tsiku limenelo anayankhula.

"Achimwene! Amene mukumumangira mkekayo ndi mwamuna wa yani? Ine mwandifunsa? Nanga inu achemwali, manja anu anathyoka liti, kuti nyumba yanga azire mwana wa dzulodzuloli?"

Wakhanda anayamba kulira m'katimo, ndipo tonse tinangoima kumvetsera. Amalume anakanda m'mutu, natokosa chibuma ndi chala cha kuphazi. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe Ndaziona, anakuuza ndani kuti khoma amapaka makaka?"

"Ababa anati azungu amapaka ufa wa miyala. Ndiye ndinapera pamwala."

Bambo anagwira kumutu. "Mwana iwe! Ndimanena miyala yeniyeni. Amaiotcha pamoto mpaka ifumbutuke, isanduke ufa."

Woyamba kuseka anali mkazi wa amalume. Anayesa kubisa ndi nsalu koma zinakanika, mpaka anakhala pansi. Ena onse anatsatira. Amalume analimbana nako kuseka, milomo ikunjenjemera, kenako anatembenukira mbuzi zawo, zimene zinali zitaima chapatali, ndevu zili mbuu.

"Nkhuyu zodya ana zimapota akulu," anatero. "Koma mbuzi ikalowa m'munda, mlandu ndi wa mwini mbuzi. Zagumula khomali ndi zanga. Alamu, dzukani pamenepo. Mawa tiponde dothi."

Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akuwatchula bambo kuti alamu.

M'mawa mwake amuna awiriwo anamata mabowo aja, osayankhulana kwambiri. Ine a Nankhoma anandikoka khutu mpaka kumtsinje, akundinena njira yonse kuti pakamwa panga m'pobooka ngati dengu lakale. Koma atafika pagomo lina anakumba ndi chikhasu, ndipo pansi pa dothi lakuda panatuluka dothi loyera, loterera m'manja. Linali pompo masiku onsewo, pamene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku pokatunga madzi! Anandiphunzitsa kulisungunula ndi kulisefa. Khoma litauma tinazira m'munsi ndi mtsiro wakuda wa kudambo, kuti matope a mvula asamaoneke, pakati tinadutsitsa mzere wa katondo wofiira, m'mwamba monse loyera lija. Pansi tinakulungiza ndi mwala wosalala mpaka kuwala. Ine anandilola kujambula timizere tokhotakhota kuzungulira khomo, ndipo tinapendama tonse, koma palibe anafufuta. Mchombo unagwa ntchito isanathe, ndipo zomangira bambo mkeka zija palibe anazikumbutsa. Amayi analowa m'nyumbamo ndi mwana kumanja, dothi likununkhirabe chinyezi. Bambo anakhala pamudzipo mpaka imvi, ndipo manda awo ali pakati pa abale a amayi.

Zaka zambiri ndinkainena nkhaniyi monyada, kuti ine ndinapulumutsa bambo anga. Ndinadzaimvetsa bwino nditabereka anga ana, tsiku lina nditapeza khoma langa litadetsedwa ndi makala, ndipo ndinadziwa wolakwa pongoona msinkhu wa zolembazo. Pamenepo ndinakhala pansi. Kuyera kuja kunalekezera pachifuwa pa bambo. Munthu wamkulu sapaka khoma n'kulekezera pachifuwa. Bambo anaona, amalume anaona, bwalo lonse linaona kuti ndi ntchito ya mwana. Amalume sanazitchule zimenezo poti anapeza chifukwa chimene ankachifuna. Bambo akanangoloza chala kuseri kwa nsanamira, mlandu ukanathera pa ine ndi kamtengo ka m'matako, iwo n'kutsala.

Sanaloze. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi misozi imabwera, nkhalamba yonse ine. Munthu uja anali atadula nsungwi iliyonse ya nyumbayo ndi manja ake, atatopa kale ndi munda wa eni, kuti apeze pokhala ndi ana ake. Koma ataona kuti mtengo wa malowo ndi kupereka mwana wake pabwalo, ananjuta pansi, naomba m'manja, n'kunena kuti ndalakwa ndine.