Kankhwangwa ka a Duane Haugland

A Duane Haugland ayendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu ya kumpoto kwa Minnesota, ku America, kwa zaka makumi atatu, ndipo chibadwire sanamenyepo munthu. Anagundapo gwape kamodzi, n'kulira njira yonse. Komatu ndi munthu wa Odin, mulungu wa nkhondo wa makolo awo akale a ku Norway. Anasiya tchalitchi cha Lutheran ali ndi zaka makumi anayi, nayamba kuvala kanyundo ka mulungu Thor m'khosi ndi kuthira nsembe ya mowa wa uchi patsinde la mtengo kuseri kwa galaja. Akazi awo, a Marlys, anatsala kutchalitchi. Amati milungu ya amuna awo ilibe vuto, kungoti ikuwaumitsira kapinga.

Chimene chinkawasowetsa mtendere a Duane ndi imfa ya pa udzu. Umu ndi mmene makolo ankatchulira kufera pabedi ndi matenda kapena ukalamba. Wofa motero salowa ku Valhalla, nyumba ya Odin yolandirira ofera kunkhondo. Amatsikira kwa Hel, mayi wosunga akufa wamba. Tsono dokotala atanena kuti ndulu yawo iyenera kuchotsedwa, a Duane anaona kuti zavuta. Mwamwayi mnzawo wina wa m'gulu lawo lopembedza Odin anawatsina khutu kuti bola munthu afe chida chili m'manja, Odin safunsa zambiri.

M'mawa wa opaleshoni namwino anawapeza atagona chagada, manja ali pachifuwa, nsalu itatukuka.

"Bambo, pansi pa nsalupo pali chiyani?"

"Ndi za chipembedzo, mwanawe."

Namwino anavundukula. Kanali kankhwangwa, konoledwa bwino.

"Chipembedzo chake chowaza nkhuni?"

"Ena mumawalola kolona."

"Kolona sanang'ambepo matiresi. Ndikupatsani mphindi zisanu. Mukakakamira, tibwera ndi wodwala wina, inu mudzabwere mwezi wa Epulo ndi ndulu yanuyo."

Namwino atatuluka, a Marlys sanakweze mutu pa juzi yomwe ankaluka.

"Tandiuzeni, abambo. Ku Valhalla kwanuko kukacha amatani?"

"Amamenyana."

"Tsiku lonse?"

"Mpaka madzulo. Ophedwa amadzuka, onse n'kukadya nyama ya nkhumba."

"Mawa lake?"

"Amamenyananso."

"Inu amene? Ndi bondo limenelo? Kangaude akalowa m'bafa mumaitana ine. Nkhumbayonso si imene yakugonekani panoyi?"

A Duane anakumbatira kankhwangwa kawo. "Izi ndi zakuya, mayi. Inu a Lutheran simungazimvetse."

"Ayi, ndikungofunsa, ndine mbuli ine. Nanga kwa mayi Hel kuli ndani?"

A Duane anayamba kuwerenga ndi zala. Bambo awo anafera pampando akuonera mpira. Mayi awo anapita ndi shuga. Agogo awo, amene anawoloka nyanja kuchokera ku Norway, anamwalira ndi chifuwa. Zala zinatha, wankhondo osapezeka.

"Ndiye kuti mtundu wonse wa a Haugland uli kwa Hel," anatero a Marlys. "Ku Valhalla mukudziwako ndani?"

Anaganiza nthawi yaitali. "Odin."

"Iyeyo akukudziwani? Mukakhale mlendo pakati pa anyamata olusa, azikudulani mutu tsiku ndi tsiku, kudikira nkhondo yomaliza ija. Mumati chiyani paja?"

"Ragnarok."

"Imene munati milunguyo idzagonja."

"Idzagonja mwaulemu."

"Chabwino. Pitani, mukagonje nawo. Ine ndikauza mayi anu m'pemphero kuti mwana wawo anasankha kwina."

Namwino analowa akuyang'ana wotchi. A Duane anayang'ana kudenga, akunong'ona ngati akupepesa wina. Kenako anatembenuza kankhwangwa, napereka mpini kwa akazi awo. A Marlys anakaponya m'chikwama cha ulusi.

Opaleshoni inatenga ola limodzi. Lachitatu anali kunyumba, akudandaula za supu wopanda mafuta.

Amathirabe nsembe mpaka lero. Koma gulu lawo likakumana, nyanga ya mowa ikamazungulira, anyamata andevu akufuula za Valhalla, a Duane amaimirira pang'onopang'ono n'kukweza nyangayo kwa Hel. Ena amawaseka kuti mkuluyu wafooka. Iwo amangomwa, n'kupukuta pakamwa.

"Mayi Hel, mundisungire malo pafupi ndi bambo anga," amatero. "Koma kutali ndi amalume a Arne. Amalongolola."