Chithunzi chimene anakhalira mayi wa usipa

Ndinanyamuka pa Boma la Nkhotakota anthu akutuluka kumene mu mzikiti m'mawa. M'jumbo ndinali ndi kathabwa ka mlombwa kamene ndinasemapo asodzi akukoka khoka, ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zimene ndinadinda nako, ndikutikita pepala ndi msana wa supuni. Ulendo unali wa ku Dwangwa kwa a Nyirenda, mkulu wosema zidindo ndi kudinda zithunzi. Anali atanena kuti ntchito yanga adzaiona kamodzi kokha: ikawakomera anditenga, apo ayi ndibwerere ku nyanja. Sukulu ndinaisiyira Sitandade 6 nditakangana ndi aphunzitsi, ndiye khomo lina ndinalibe.

Inki yanga inali mwaye wa koloboyi wosakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto. Siuma msanga imeneyo, choncho thabwalo ndinalivindikira ndi pepala loyera kuti lisadetse zinzake.

Matola inali pikapu yotopa, K15 mpaka Dwangwa. Masiku amenewo pakamwa pa anthu panali patangomasuka, aliyense ndi chipani chake. Tisanawoloke mlatho wa Bua, bambo wina wa chipewa chachikasu ndi mnzake anali atagawana kale maunduna onse.

Pa Liwaladzi ndinatsika kukagula chinangwa chootcha. Pobwera ndinapeza mwakwera mayi wathupi ndi matumba awiri a usipa. Jumbo yanga sindinaione, ndinangoti kondakitala waisunthira kukatundu. Titayandikira Dwangwa mayi aja anasendera pang'ono, ine n'kuiona. Anali ataikhalira njira yonseyo.

"Mayi inu, maso mulibe? Mwakhalira ntchito yanga!"

"Iii achimwene, ine ndimayesa kampando. Kodi munaikamo mazira?"

Galimoto yonse kuseka. Magazi anandikwera, ndinawalalatira mawu oti sindingawalembe pano. Wa chipewa uja anati, "Ufulu wolankhula tinavotera uja si umenewu, mphwanga." Mayiwo anangoyang'ana minda ya nzimbe mpaka tinafika.

Dzuwa lili pamutu ndinawapeza a Nyirenda pakhonde la golosale, pamene amagwirira ntchito. Zithunzi zanga anaziona chimodzichimodzi, osathamanga.

"Apa wang'amba pepala. Apa inki sinagwire. Iwe umadinda kapena umamenyana nalo?"

Anaitanitsa thabwa lenilenilo, n'kumatula pepala lovindikira lija. Asodzi anga anali atadindika papepalapo athunthu, diso lililonse la khoka likuoneka, mmene sindinawaonepo chiyambire.

"Ichi ndiye chithunzi. Wadinda bwanji chimenechi?"

Mtima unati nama, ntchito waipeza. Koma akanati ndidinde china pomwepo, ndikanatani?

"Si ine, bambo. Anachikhalira mayi wina pa matola."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandionetsa makina awo: jeke wa galimoto wopanikiza matabwa awiri.

"Mpeni ukuutha, mwana wanga. Koma pepala limafuna kulemera kodekha, osati ukali. Ubwere Lolemba. Mwezi wathunthu sugwira mpeni, uzingopopa jekeyu pang'onopang'ono."

Ndisanakwere yobwerera ndinazungulira mzere wa usipa mumsika kawiri konse. Mayi aja sindinawapeze, ngakhale dzina lawo sindilidziwa. M'njira yonse ndinkangoganiza chimodzi: chithunzi changa choyamba chabwino sindinadinde ndine, ndipo amene anandidindira ndinawalipira ndi chipongwe.