Zala za a Tiona

Kalipentala wa mumsewu wathu timawatchula kuti a Tiona, chifukwa chiyambire sanalonjezepo munthu tsiku. Ukawafunsa ngati mpando wako utha Loweruka, amatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala. Chala chimodzi n'cha magetsi, china cha msana wawo, zinazo za odwala. Paja bokosi la maliro siliima pamzere. Likabwera, mipando ndi zitseko zimakankhidwira kukhoma. Zala zotsala chiimire ndizo mwayi wako.

N'chifukwa chake m'mawa uliwonse amazonda odwala a m'dera lino, utuchi uli m'tsitsi. Anthu amati ndi bambo wachifundo. Ine ndinaona kuti maso awo amayenda kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Malemu amuna anga anazondedwa kawiri.

Mwana wanga atanena kuti abwera Loweruka ndi mwamuna wake koyamba, ndinapita kukaitanitsa bedi, poti kuchipinda cha alendo kunalibe pogona. A Tiona anapinda zala zinayi. Zitatu zinali za a Telala, nkhalamba yoyandikana nane, yomwe inkatsokomola ngati galimoto yokana kulira.

"Mayi, amenewo sabata ino saimaliza. Pempherani apite lero lomwe, mwina bedi lingatheke."

Ndinakagula mankhwala. Ine amene sindilowa mumpanda wa munthu ndinayamba kuwatenthetsera madzi a Telala, kuwadyetsa ndi supuni, n'kuwaopseza kuti akangofa sabata ino kumaliro kwawo sindipondako. Posakhalitsa anapempha nyama. Lachisanu anandifunsa ngati ndili ndi munthu.

A Tiona atawapeza akumeta ndevu pakhonde, anakhumudwa poyera. Anati odwala a masiku ano ndi osadalirika, munthu sungapange nawo pulani.

Bedi linafika Loweruka m'mawa pa wilibala, vanishi asanaume. Linali lolimba ndithu, koma lotakasuka kumapewa, lopanikiza kumiyendo, ndipo m'mbali munali timabowo toikamo zogwirira. Ndinawayang'ana a Tiona. Anakanda m'mutu, nati matabwawo anali atawadula kale pa muyeso wa a Telala, ndiye sakanawataya.

Ndinayala nsalu yofika pansi. Anthu awiri sakanakwanapo, choncho mwana wanga anadzagona nane. M'mawa mkamwini anatuluka akudziwongola.

"Amayi, chibadwire sindinagonepo mwamtendere chonchi."

Ndinamuthira tiyi.