Wosema Bwato Ayambe Kukwera

Anandipeza m'kalasi Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, ndikuphunzitsa masamu. Anali amuna awiri ovala zovala wamba, aulemu ndithu. Mmodzi anachita kugogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Aphunzitsi, tatiperekezani pang'ono. Mukangoyankha mafunso, mubwerako."

Ndinasiya choko patebulo n'kuuza ana kuti amalize samu imene inali pabolodi. Samu imeneyo sindinaichonge mpaka lero.

Mlandu wanga unali boti. Kampu ya asilikali yoyandikana ndi sukulu yathu, m'mphepete mwa nyanja ku Salima, inagula boti la injini lolondera panyanja. Amene anapatsidwa ntchito yolibweretsa anali wamalonda wina, mlamu wake wa mkulu wina wa chipani. Linafika likunyezimira, penti ikununkhira. Koma bambo wina wachikulire, msodzi wa ku Mbenji amene mwana wake ndinkamuphunzitsa, analidina ndi chala kunsi, chala n'kulowa m'thabwa.

"Wallahi aphunzitsi, lija ndi bokosi la maliro lopaka penti," anandiuza. "Kwathu kuno wosema bwato ndiye amayamba kukwera."

Ine ndine wa ku Ntcheu, madzi amene ndimawadziwa ndi a m'ndowa. Nkhani za maboti zikanandipita. Koma mng'ono wanga, mwana amene ndinamulera ndekha makolo atamwalira, anali msilikali pakampu pomwepo, ndipo anali m'gulu losankhidwa kuti liziyenda m'botilo.

Tsiku lolilandira ndinapita ndi ana asukulu kukaimba. Wamalonda uja akuwomberedwa m'manja, mtima unandiwira. Pakamwa panga sipanayambe pandimverapo, choncho ndinalankhula, osati monong'ona kwenikweni: "Wosema bwato ayambe kukwera." Amene anali pafupi anaseka, kenako anayang'ana pansi. Sabata isanathe, kunabwera amuna aulemu aja.

M'chipinda chimene ananditengera, wondifunsa mafunso anali munthu wonenepa, wa mawu otsika.

"Kodi inu mumaphunzitsa masamu kapena maboti?"

"Masamu, bwana."

"Nanga boti la boma mwaliyeza liti? Boti la boma silimira."

Ndinayesa kumufotokozera kuti sindinanyoze boma, ndinangochenjeza. Ndinawonjezera mwambi, poti uphunzitsi ndi matenda: "Bwana, wakutsina khutu ndi mnansi."

Anamwetulira. "Chabwino. Nafenso tikhale anansi anu."

Zimene zinachitika m'chipindamo masana amenewo sindizilemba. Khutu langa lakumanzere silimva kuyambira tsikulo.

M'mawa mwake anandipatsa njira yotulukira. Ndikaime pagombe, pamaso pa anthu, ndinene kuti boti ndi labwino ndipo ndinalankhula chifukwa cha nsanje. Ndinkafunitsitsa kupita kwathu, ndisaname, ndipo mantha ndinali nawo. Koma ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti ndamukankhira ndekha mng'ono wanga m'madzi. Ndinakana.

Kubwalo la milandu sanapite nane. Ananditumiza kundende ina yakutali ndi nyanja. Tinkagona mothithikana pasimenti, nsabwe zikudya nafe limodzi. Nyemba zinali zofumbwa, ndipo ndinkati ndikaziyang'ana, ndinkadziuza kuti nazonso zili ndi mlamu wake kwinakwake. Izi zinali zopiririka. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi mphepo. Juni atafika, mwera ukawomba n'kugwedeza malata, ndinkaona mafunde, ndinkaona thabwa lija, chakudya osalowa.

Panali mlonda wina wa kunyanja konko, wokonda kukuwa. Pagulu ankanditcha "aphunzitsi a maboti" anzake n'kumaseka. Tsiku lina tikulima kudimba la ndende, anaima kumanja kwanga ngati akuyang'ana mzere wanga, n'kunena osandiyang'ana:

"Ndinali kumudzi. Silinalowebe m'madzi."

Kenako anakuwa kuti ndine waulesi. Mawu amenewo ndinakhala nawo miyezi yonse yotsatira.

Ananditulutsa mvula ya chaka chotsatira itangotha, popanda chifukwa, monga momwe ananditengera. Pachipata anangoti, "Pitani. Mukatseke pakamwa."

Nditatsika basi pa Salima, ndinaona msilikali ataima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja. Ndinamuyang'anitsitsa. Anali mng'ono wanga, wamoyo, wonenepa kuposa kale.

"Achimwene," anatero, misozi ili mbwembwembwe, "atandifunsa ngati ndinu mbale wanga, ndinakana."

"Unachita bwino. Ukanavomera, tikanadya nyemba zofumbwa tonse awiri. Tandiuza za boti."

Anandifotokozera tikuyenda. Mawu anga aja a wosema bwato sanamangidwe nane limodzi. Anatsala pakampu, asilikali akunong'onezana. Tsiku lililonse loti alowe m'madzi, injini inkapezeka kuti yavuta. Kenako kunabwera mkulu wa kampu watsopano. Atamva manong'onong'owo, anaitanitsa wamalonda uja n'kumuuza pamaso pa onse kuti, "Bwana, boti ndi lanu, ulemu ndi wanu. Yambani ndinu." Munthu anakwera atavala suti. Asanafike n'komwe pamene ana amasambira, madzi anali m'mawondo, iye akukuwa kuti abwerere. Anafika kumtunda akuyenda pansi, nsapato imodzi itatsala m'matope.

"Kuyambira pamenepo, achimwene, wobweretsa mpunga amayamba wadyako mbale imodzi ife tikuona. Wobweretsa nsapato amazivala n'kuzungulira nazo bwalo."

Ndinaseka mpaka nthiti kupweteka, kuseka koyamba chichokereni m'kalasi muja. Wamalondayo sanamangidwe, ndipo ine palibe anandipepesa. Ntchito anandibwezera mochedwa. Za izi ndimakwiyabe, sindibisa.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, pachipata cha ndende kapena zaka zambiri pambuyo pake zinthu zitasintha m'dziko. Ine ndinaumva pamsewu uja. Kwa ine ufulu ndi woti munthu anene kuti thabwa lawola, ena apite kukalidina, iye n'kukagona kunyumba kwake. Tsikulo tinali tisanafikepo, koma kampu imodzi inali itayamba kudina matabwa.

Mng'ono wanga ankayenda kumanzere kwanga, akulongolola, ine ndikungogwira mawu apa ndi apo. Ndinamugwira mkono n'kumukokera mbali inayo.

"Dutsa uku, iwe. Uyambirenso poyamba. Ndikufuna ndimve zonse."