Tsiku limene a Gologolo anatsala pansi

Dzina lenileni la alamu anga amalidziwa ndi a kuchipatala okha. Padoko ponse amangoti a Gologolo, chifukwa ali mnyamata ankafika kunsonga ya mlongoti wa boti la matanga munthu usanamalize kuwapatsa moni. Ntchito yawo ndi ya m'mwamba: kumanga nyali, kusintha zingwe, ndi kuika rada, chipangizo chija choonetsa woyendetsa boti zimene zili kutsogolo kukachita chifunga. Ine ndimasoka matanga m'kachipinda koyang'anizana ndi kawo, ndiye za m'banja mwawo ndimazimva ngakhale ndisakufuna.

Munthu sakwera mlongoti yekha. Amakhala pakampando kachinsalu komangirira kuchingwe, wina pansi n'kumapukusa winchi, chigudumu chokulungira chingwe, kumukweza. Wopukusa wa a Gologolo, kuyambira pamene anakwatirana, ndi achemwali anga, mayi wochepa thupi koma wapakamwa. Wina akagwira chingwecho, alamu sakwera. Amati moyo wawo sabwereketsa. Choncho mikangano ya banja limeneli yakhala ikuchitika wina ali kumwamba wina pansi, doko lonse likumvetsera.

"Bambo, mwaiwalanso sipanala!"

"Sindinaiwale, mayi. Ndimafuna ndione ngati muli maso."

Vuto linalowera m'mbale. Achemwali amaphika bwino, ndipo alamu sadziwa kukana. Gologolo uja anatuluka mimba, winchi inayamba kulira, phewa la achemwali nalo linayamba kuwawa. Panalibe amene anaitchula nkhaniyi. Koma chaka chatha ndinaona kuti aliyense wofuna rada, alamu ankamulangiza kuti aiike pakamtengo kachitsulo kumbuyo kwa boti, pofikirika ndi makwerero. Zifukwa anali nazo: kumbuyoko tanga silikhula chipangizo, kukonza n'kosavuta, boti sililemera pamwamba. Zonsezo n'zoona. Koma chifukwa chachikulu ndinkachidziwa, ndipo chinkandimvetsa chisoni. Tsiku limene adzakane ntchito ya pamlongoti mbiri idzawanda, ndipo kachipinda kawo kaja kadzatsekedwa.

Ntchitoyo inabwera ndi mwini bekale yophika buledi m'tauni, bambo wansangala amene anagula boti atakula kale. Ulendo wina chifunga chinamutsekera pamadzi, sitima yaikulu n'kumudutsa pafupi moti anamva fungo la utsi wake koma osaiona. Mkazi wake analamula kuti popanda rada botilo ligulitsidwe.

Iye ankafuna rada ya mkono wautali wozungulira poyera, yonga ya pasitima. Alamu anaseka. "Achimwene, imeneyo idzakulunga zingwe zanu zonse ngati ulusi wa alamu angawa, ndipo batire idzatha musanapite patali. Tengani yotsekeka iyi, yooneka ngati beseni lovundikira. Zingwe zimangotsetsereka pamwamba pake."

Anagwirizana. Kenako alamu anayamba nyimbo yawo ya kamtengo ka kumbuyo, koma atafika pabotilo nyimboyo inathera panjira. Kumbuyo kunali kodzaza kale ndi magalasi a sola, kaboti kopulumukira kolendewera, ndi denga lachinsalu limene ndinasoka ndine.

"Ndiye pamlongoti basi," anatero mwini bekale.

"Pamlongoti," anavomera alamu. Kunama pa ntchito sadziwa. Analoza malo oyenera, chapakati pa mlongoti: okwera mokwanira kuti rada ione patali, koma osati kunsonga kumene ingamapendeketse boti n'kumaphonya zinthu zapafupi.

M'mawa wa tsiku loika ndinasiya makina anga n'kupita kukaima pabotilo ngati ndikuyendera denga langa lija. Alamu anakhala pakampando, achemwali anagwira winchi. Mapazi a alamu anachoka pansi n'kufika cha m'chiuno mwanga, n'kuthera pomwepo. Achemwali anayesanso, nkhope itakwinyika, kenako anawatsitsa bwinobwino.

"Ndipukuse ine," anatero mwini bekale. "Manja awa amakanda ufa tsiku ndi tsiku."

Alamu anakana mwaulemu. Anayamba kumasula lamba wa kampando pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti akusanja mawu oti anene kuti ntchito yawakanika. Mtima unandiwawa.

"Chokanipo," anatero achemwali. "Ndipatseni kampandoko."

"Inu mayi? Simunakwerepo ngakhale padenga la nyumba."

"Zaka zonsezi mwakhala mukundikuwira chilichonse chimene mukuchita kumwambako. Mumayesa ndine gonthi? Chandikanika ndi kukweza njovu, osati kuboola kachitsulo."

Mwini bekale anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati rada ndi yake ndipo wavomera. Achemwali anavala ovolosi ya alamu, kuipinda m'miyendo ndi m'manja. Alamu anamanga mfundo, kuimasula, kuimanganso. Chingwe chachiwiri chotetezera anandipatsa ine, n'kundiyang'ana ndi diso loopseza ngati wobadwa nawo achemwaliwo ndi iwo osati ine.

Achemwali anakwera mopepuka, winchi osalira n'komwe. Atafika pamalo paja anakumbatira mlongoti mwamphamvu.

"Mayi! Ndikutsitseni?"

"Ayi! Bambo inu, kuno kukuoneka mpaka kunyumba. Zochapa zija simunayanike!"

Ntchito inayamba. Zida zinkakwera m'ndowa. Achemwali anaika chitsulo chokhalira rada, n'kuchiyesa ndi levulo kuti chipangizo chisadzayang'ane kumitambo kapena m'madzi.

"Pakani mankhwala aja pamisomali ya maliveti, zitsulo zingadyane!" anakuwa alamu.

"Ndapaka kale."

"Kutsogolo kwake kuloze kumphuno ya boti!"

"Kwaloza. Koma bambo, sipanala ili kuti?"

Inali m'thumba mwa alamu. Anaiponya m'ndowa, ndipo apa m'pamene ndinawayang'anitsitsa. Thukuta linali kamukamu, manja atakanirira pachingwe, maso osaphethira. Beseni la rada lija litakwera, boti lina la injini linadutsa n'kusiya mafunde. Mlongoti unagwedezeka, achemwali anapita uku n'kubwera uku. Bambo amene ankaimba muluzu ali kunsonga kukuwomba mphepo anakuwa kuti, "Mayo ine!" doko lonse n'kumva.

"Taonani anthu," anatero achemwali ali kumwamba, akumanga bawuti. "Wogwedezeka ndine, wolira ndi wina."

Dzuwa lisanapendeke, waya anali atalowa m'kati mwa mlongoti n'kutulukira pansi, achemwali atatsika. Alamu analumikiza, n'kuyatsa kasikirini pafupi ndi chiwongolero. Doko lonse linatuluka pamenepo: khoma lotchinga mafunde, maboti oyandikana nawo, ngakhale kaboti ka injini kaja kakupita kutali. Mwini bekale anavina, n'kuthamangira kumtunda kukaimbira mkazi wake.

Alamu anakhala pansi pomwepo, n'kupukuta thukuta. Achemwali ankavula ovolosi, akudandaula kuti ikununkha girisi.

"Mayi," anatero alamu chapansipansi, "kodi pansi pano pamakhala chonchi nthawi zonse?"

"Nthawi zonse, bambo. Kuyambira tsiku loyamba."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani mukanakwera?"

Alamu anawagwira dzanja, n'kumalitembenuza kuyang'ana zipsera za chingwe ngati akuliona koyamba. Ine ndinanamizira kupinda chingwe changa, poti misozi inali itandilengeza, ndipo achemwali akanandiseka mpaka chaka chamawa.

Kachipinda kaja sikanatsekedwe. Masiku ano wokwera ndi achemwali, wosankha zipangizo ndi kulumikiza mawaya ndi alamu. Kudya sanachepetse, akuti wogwira chingwe amafunika kulemera. Macheza ndi omwe aja, kuseka ndi aliyense. Koma mukawapeza ali pawinchi, achemwali ali m'mwamba, musadandaule akapanda kuyankha moni wanu. Amayankha mapazi a mkazi wawo akagunda pansi.