Ndinachotsetsa mpanda wa tsabola kuti alendo ajambule bwino

Inu owerenga, ine ndinaonongetsa dimba la mayi wamasiye chifukwa chodziona wodziwa, ndipo mpaka lero ndikadutsa pakhomo pawo ndimayang'ana pansi.

Ndimagwira ntchito yogula zakudya pa loji ina ku Kakumbi. Abwana athu anapangana ndi kabungwe kena kothandiza amayi a madimba, kuti ife tizigula ndiwo zawo ndi kuwaphunzitsa za malonda, a bungwewo azitiphunzitsa kukhala bwino ndi anthu a m'midzi. Mbali yathu inayenda. Amayi anaphunzira kusankha tomato ndi kufika 7 koloko osachedwa. Koma mbali yophunzira ife, aaa, ine ndinkati alangizi a bungwe oyenda pa njingawa angandiuze chiyani?

Tsiku lina ndinaganiza zoti alendo athu azikaona madimbawo. Chinandinyansa ndi mipanda. Kuno amamanga chingwe kuzungulira dimba n'kupachikapo nsanza zopaka tsabola ndi oilo wakuda, kuti njovu zikanunkhiza zibwerere. Ndinasonkhanitsa amayi n'kuwauza kuti nyansizo zichoke, alendo sangajambule nsanza. Onse anayankha kuti, “Tamva.”

Mai Sakala, mlangizi wa bungwe lija, ananditengera pambali. “Bambo, kuno akati tamva sikuti avomera. Akukupatsani ulemu chabe. Ndipo mwezi uno madambo auma, njovu zili pafupi.” Ine ndinaseka, ndinati amayi inu mumadziwa misonkhano, malonda tisiyireni eni ake.

Ananena zoona. Palibe anachotsa mpanda, kupatula Amake Tisa, mayi wamasiye wolera ana anayi. Iwowa ndiwo ankatipatsa repu wabwino kuposa onse, ndipo anaopa kuti akakana ndisiya kuwagula. Alendo anabwera, anajambula dimba lawo loyera, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Sipanathe masiku anayi. Ndinapita m'mawa ndi galimoto kukatenga ndiwo, ndinapeza dimba lonse lili mapazi a njovu okhaokha. Repu, tomato, chimanga cha m'dimba, ngakhale nthochi, zonse psiti. Madimba oyandikana nawo, a nsanza zonunkha aja, anali bwinobwino. Amake Tisa anali atakhala pa chidebe. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Iwo anangoti, “Mwauka bwanji, abwana? Lero ndilibe chokupatsani.”

Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Choipa china, kwa abwana anga ndinangonena kuti njovu zavuta, osatchula za mpanda. Ndinaulula patapita milungu iwiri, nditamva kuti mtsikana wamkulu wa Amake Tisa wasiya sukulu n'kupita kukakhala kwa achibale ku Jumbe chifukwa pakhomo panalibe chakudya. Loji inawapatsa mbewu, ine ndinakamanga nawo mpanda watsopano, tsabola akundiwotcha m'maso. Dimba linameranso, koma mtsikana uja sanabwerere ku sukulu.

Inu amene mumagwira ntchito m'makampani, mukagwirizana ndi mabungwe musapite ngati aphunzitsi okha. Chimene chikuoneka chauve kwa inu, yambani mwafunsa kuti anachiikiranji. Ndipo munthu amene chakudya chake chili m'manja mwanu akati “tamva”, musathamangire kunyadira. Funsaninso, chifukwa amene adzakumvereni ndi wosauka kwambiri uja, ndipo ndiye adzagone ndi njala.