Nsapato ya Makope Anayi

Bambo ake anali kalipentala, mayi ake ankachapa zovala kuchipatala. Anabereka ana atatu: woyamba ndi mphunzitsi, wachiwiri ndi dalaivala wa basi, ndipo chitsirizira ndi uyu amene banja lonse limamutcha Chedwa. Nayenso ali ndi ana awiri ndi mdzukulu mmodzi, kamtsikana kochenjera ngati agogo ake aakulu.

Dzinalo silinabwere pachabe. Anabadwa masiku atapitirira, anayamba kuyenda anzake akuthamanga kale, ndipo kusukulu belu linkalira iye adakali pa funso loyamba. Achibale ankapukusa mitu, koma mobisa, chifukwa mayi ake pa nkhani ya ana awo ndi nkhuku ya anapiye. Ankangoti mango a mtengo umodzi sapsa tsiku limodzi, ndipo wotsutsa aime pomwepo anene.

Sukulu itamukanika, Chedwa anakhala pakhonde la sitolo n'kuyamba kusoka nsapato, ali ndi kabenchi, singano yokhota, ulusi wopaka phula ndi guluu wa m'kachitini. Tsiku loyamba anapondetsa mayi ake pakatoni, nazunguliza phazi lawo ndi pensulo, nalonjeza kuti nsapato zoyamba kupanga yekha zidzakhala zawo. Katoniyo anaikhomera kukhoma.

Zaka makumi atatu zinatha akungoika zigamba. Makasitomala ankadandaula kuti nsapato ikalowa kwa iye imagona sabata, koma ankabwerabe, poti pamene wasoka Chedwa sipang'ambikanso. Mkulu wake wa basi ankamuseka kuti, “Iwe udzachedwa ngakhale pamaliro ako omwe.”

Mdzukulu uja anabadwa mwendo wina uli waufupi. Atayamba sukulu, anzake ankatsanzira mayendedwe ake, ndipo patatha milungu iwiri anakanitsitsa kupitakonso. Kuchipatala anati wopanga nsapato za ana otere amabwera kamodzi pachaka, ndipo anali atangochoka. Chaka chonse mwana ali pakhomo? Chedwa anaimika mwanayo pasimenti, n'kumalowetsa makope ake a sukulu pansi pa phazi la mwendo waufupiwo, limodzilimodzi, mpaka mapewa analingana. Makope anakwana anayi.

Anayeza msinkhu wa makopewo ndi ulusi, nayamba kusanja zidutswa za labala wopepuka kunsi kwa nsapato ya mwanayo. Ankamata, mwana n'kuyesa, iye n'kumatulanso. Mayi wa mwanayo ankawakumbutsa a Chedwa, bambo akewo, tsiku ndi tsiku kuti teremu ikutha, iwo ankangoyankha kuti guluu sakakamizidwa kuuma. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi anamuveka mdzukulu wake nsapatoyo n'kumuuza kuti ayende mpaka pageti, abwerere. Mwana anafika pageti, anapitirira, anakazungulira sitolo yonse, n'kubwera wefuwefu.

“Agogo, mundibwezere makope anga. Mawa kuli masamu.”

Namwino wina ataiona nsapatoyo anayamba kulozera makolo kukhonde kuja. Lero Chedwa ali ndi imvi, ndipo m'mawa uliwonse amapeza mzere wa ana ukumudikira. Palibe womufulumizitsa. Mbale wake mphunzitsi uja amamubweretsera makope akale oyezera, ndipo wa basi akamadutsa pamenepo amachepetsa liwiro n'kuuza apaulendo kuti uyo ndi mng'ono wake, wa bere limodzi.

Katoni ija ikadali kukhoma, yafiira ndi fumbi. Loweruka lililonse mayi ake amabwera ndi ndodo yawo, kukhala pabenchi pakati pa makasitomala, n'kuwafotokozera mmodzimmodzi kuti mwana ameneyu anamubereka ndani. Akatha pamenepo amatembenuka.

“Nanga nsapato zanga zija, bambo?”

“Zatsala pang'ono, Amayi. Taonani mzerewu.”

Amauyang'ana mzerewo, n'kumuuza kuti ayambe wathana ndi ana a eni ake, koma adziwe kuti phazi lafota, ayezanso, ndipo iwo safa asanazivale.